Makilo a Esinala

Tinali anayi kuseri kwa shopu ya matayala pa Chitakale,
malaputopu atatu, jenereta yachifuwa,
ndi pulogalamu imodzi yowerengera tiyi wa alimi.
Nzeru zake zonse zinkakhala m'mutu mwa Khoromana.
Iye akagwidwa malungo, kampani inkagona naye pamphasa.

Ndisaname, moyo umenewo ndinkaukonda:
kulemba usiku chiperoni chikunyambita malata,
kukonza pano, kutumiza pompo,
osafunsa munthu, osasiya phazi.

Kenaka anatsika mayi Namathanga m'minibasi ya ku Limbe
ndi chikwatu chonenepa ngati buku la ngongole.
Akuti masitepe alipo asanu,
ndipo ife tili pa yoyamba,
pamene ntchito imatheka chifukwa wina sanagone.
Tinaseka. Khoromana analoza pawindo:
phiri lili pakhomoli sitinalikwerepo,
tiyambe ndi lapapepala?

Komabe zinayamba.
M'mawa uliwonse chiimire, tiyi akuzizira m'makapu:
dzulo unachitanji, lero uchitanji, chakutsekereza n'chiyani.
Khoma linamera timapepala tachikasu.
Mzere uliwonse walemba, mnzako auwerenge.
Usanatumize, yesa. Ukayesa, lemba kuti wayesa.
Ine ndinkasayina mafomu mtima uli kwina.
Ndinkati n'zamwambo wa m'maofesi agalasi
momwe magetsi sathima munthu ali pakati pa ganizo.

Lachinayi lina mu Febuluwale, tiyi atasefukira m'minda,
ndinasuntha kadontho kamodzi.
Kamodzi kokha.
Fomu ndinaidumpha: mvula inali pa Likhubula,
netiweki ikupakira katundu.

Lolemba kunafika mayi pakhomo,
matope ofiira mpaka m'mawondo.
Esinala Nampinga, mlimi nambala 417.
Sanakalipe.
Anasolola kope la mwana wasukulu m'jumbo ya shuga,
momwe analemba yekha ndi pensulo:
tsiku, dengu, makilo, dzina la wapasikelo.
Masiku onse.
Ngakhale la maliro a mlamu wake analemba kuti: palibe.
Foni inkanena zina, kope linkanena zina.
Makilo khumi ndi awiri, anatero,
ndi sopo, ndi ndalama ya mayeso a mwana.
Mwawasiya pati?

Ndinakumba m'makina mpaka dzuwa kupendeka.
Anasintha ndani, liti, chifukwa chiyani?
Phazi langa lomwe sindinalipeze.
Ndinachita kuulula ndi pakamwa,
iye akundiyang'ana ngati sikelo yonama.

Zala zothyola masamba awiri ndi kamphukira
zinali zitakwera kale masitepe amene ife tinkawaseka,
popanda chikwatu, popanda mlangizi wa ku Limbe,
chifukwa wosalemba amabedwa masana.

Sindikuti chikwatu chija n'chopatulika.
Mafomu asanu ndi anayi tinayatsira mbaula mu Juni,
mayi Namathanga anadandaula, kenaka anaotha nafe.
Anatsala anayi, oti munthu n'kudzaza jenereta isanatsokomole.
Satifiketi sitinaione. Akuti tili pa sitepe yachiwiri,
mwendo wina ukadali pansi.

Koma mwezi watha Khoromana anapita ku ukwati ku Muloza,
masiku atatu, foni yake osalira.
Anabwerako wokhumudwa pang'ono.

Kuimirira m'mawa ndimadana nako mpaka lero.
Ndipo Asiyatu akamawerenga mizere yanga,
chala pagalasi, milomo ikuyenda,
m'mimba mumanditentha ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.
Dzulo wandibwezera kawiri.
Ndinafuna kunena kuti ndinayamba ntchitoyi iye ali ku pulayimale.
Ndinangoyang'ana pakhoma,
pamene tinamata tsamba limodzi la kope lija,
lojambulidwa pa fotokope ya pa boma,
manambala a pensulo opendekera kumanzere,
ndipo ndinakoka mpando.
Tiye tionenso, ndinatero,
kuyambira pa kadontho.